Phunziro limodzi, makope 200: njira yopulumutsira data yomwe yagona mu rauta

Pa 12 May 2024, nthambo ziwiri za intaneti zodutsa pansi pa nyanja yamchere, za EASSy ndi Seacom, zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa. Maiko a Tanzania, Kenya, Uganda, Mozambique ndi Malawi anali m'gulu la omwe anakhudzidwa. Ngati sabata imeneyo munali ndi msonkhano wa pa Zoom kapena Teams, mwina mukukumbukira nkhope za anzanu zikuuma pa sikirini, mawu akudukaduka, wina akufunsa mobwerezabwereza ngati mukumumva.

Chomwe ambiri sanachilingalire n'chakuti yambiri mwa misonkhano imeneyo inali ya Amalawi okhaokha. Wina ali ku Blantyre, wina ku Lilongwe, wina ku Mzuzu, koma mawu awo amayamba atuluka m'dziko muno kupita ku seva ya kampani yakunja, kenaka n'kubwerera. Ndipo pobwerera sabwera kamodzi. Munthu aliyense amalandira kope lakelake.

Njira yotumizira uthenga kamodzi kokha kuti ambiri aulandire ilipo, ndipo yatha zaka zoposa 30. Dzina lake ndi multicast. Marauta akuluakulu a m'masukulu a ukachenjede, m'zipatala ndi m'maofesi amatha kuigwiritsa ntchito ngati katswiri wawakonza moyenera. Lero tikufotokozerani momwe imagwirira ntchito, momwe msonkhano umalengezedwera pa netiweki yotere, chifukwa chomwe inakanikira pa intaneti ya dziko lonse, ndi komwe ingatithandize.

Lamya kapena wailesi

Tiyerekeze kuti muli ndi uthenga wa maliro woti ufike kwa anthu 200. Mutha kuwaimbira foni mmodzimmodzi, kunena mawu omwewo ka 200. Muthanso kupita nawo ku wailesi, n'kuulengeza kamodzi, aliyense amene watsegula wailesi yake n'kumva.

Pafupifupi zonse zomwe mumachita pa intaneti zimayenda ngati foni ija. Akatswiri amaitcha njira imeneyi unicast: wotumiza mmodzi, wolandira mmodzi. Multicast ili ngati wailesi, koma yochenjererapo. Wotumiza amaponya kope limodzi ku adiresi ya gulu, ndipo marauta a m'njira amalichulukitsa pokhapokha pomwe njira zagawikana, komanso ngati mbali imeneyo kuli wina amene wapempha. Komwe kulibe womvera, uthengawo supitako.

Tiwerengere limodzi. Vidiyo yooneka bwino itha kudya ma megabit awiri pa sekondi, omwe ndi ma megabyte 900 pa ola. Anamwino 200 akamaonera phunziro limodzi, aliyense pa kompyuta yake kudzera pa nthambo imodzi yolowa pamalopo, nthamboyo iyenera kunyamula ma megabit 400 pa sekondi, ndipo pa ola limodzi padutsa ma gigabyte 180. Ndi multicast, nthambo yomweyo inyamula ma megabit awiri basi, kaya oonera ndi 20 kaya 2,000.

Kumene zinachokera

Maziko a multicast pa intaneti anayalidwa ndi Steve Deering, yemwe panthawiyo amachita maphunziro ake pa Stanford University ku America. Chikalata chake cha 1989, chotchedwa RFC 1112, ndi chomwe chinafotokoza momwe kompyuta ingalowere kapena kutulukira m'gulu. Maadiresi oyambira 224.0.0.0 kulekezera 239.255.255.255 anapatulidwira ntchito imeneyi.

Mu March 1992, msonkhano wa bungwe lokonza miyezo ya intaneti la IETF womwe unachitikira ku San Diego unaulutsidwa mawu ake kupita ku malo pafupifupi 20 m'maiko osiyanasiyana. Apa ndi pomwe panabadwira MBone, netiweki yoyesera yomwe inkalumikiza masukulu a ukachenjede ndi malo a kafukufuku. Pa MBone anthu ankaonera maulendo a zombo za m'mlengalenga za NASA, ndipo mu November 1994 gulu loimba la Rolling Stones linaulutsirapo gawo la phwando lake la ku Dallas. Zonsezi zinachitika YouTube ndi Zoom zisanabadwe.

Koma panali funso limodzi. Wailesi ili ndi ndandanda ya mapulogalamu yomwe mumaidziwa. Nanga pa netiweki yopanda mwini, mungadziwe bwanji kuti lero pali msonkhano, uyamba nthawi yanji, ndipo uli pa adiresi iti?

Mnyamata wa mfumu wa pa netiweki

Kumudzi, amfumu akafuna anthu pabwalo amatuma mnyamata kuti azungulire madzulo akufuula za msonkhano wamawa. Sagogoda khomo ndi khomo. Amafuula, n'kubwerezanso, mpaka yemwe anali kudimba amve.

Akatswiri a MBone anapanga chimodzimodzi. Van Jacobson wa ku Lawrence Berkeley Laboratory analemba pulogalamu yotchedwa sd, ndipo Mark Handley wa ku University College London anabwera ndi ina yotchedwa sdr. Mukaitsegula, inkakuonetsani mndandanda wa misonkhano yonse yomwe ikulengezedwa. Mukasankha umodzi, mapulogalamu a mawu ndi zithunzi ankatseguka okha.

Pansi pa zonsezi pali zinthu ziwiri. Choyamba ndi SDP, yomwe ndi kalembedwe ka chilengezo chenichenicho: dzina la msonkhano, mwini wake, nthawi yoyambira ndi yothera, adiresi ya gulu, komanso mtundu wa mawu ndi vidiyo. Inasindikizidwa ngati RFC 2327 mu 1998. Chachiwiri ndi SAP, yemwe ndi mnyamata wa mfumu uja. Ntchito yake ndi kunyamula chilengezocho n'kumachibwereza. Inasindikizidwa ngati RFC 2974 mu October 2000.

Zilengezo za dziko lonse zimapita ku adiresi imodzi yodziwika, 224.2.127.254, pa khomo nambala 9875. Aliyense wofuna kudziwa misonkhano yomwe ilipo amangotchera khutu pamenepo.

Kuti olengeza asasokose mpaka kutseka njira, anaika malire. Zilengezo zonse za gulu limodzi pamodzi zisapose ma bit 4,000 pa sekondi, ndipo chilengezo chimodzi chimabwerezedwa pakatha pafupifupi masekondi 300, omwe ndi mphindi zisanu. Olengeza akachuluka, aliyense amadikira nthawi yotalikirapo. Mwachitsanzo, pakakhala zilengezo 1,000 za ma byte 500 chilichonse, chimodzi chimamveka pakatha masekondi 1,000, pafupifupi mphindi 17. Ndiye kuti munthu amene wangotsegula kompyuta atha kudikira nthawi yonseyo asanaone msonkhano womwe akuufuna. Chilengezo chikasiya kumveka kwa ola limodzi, kapena kwa nthawi yobwerezera ija kuchulukitsa ka 10 ngati imeneyo ndi yotalikirapo, chimafufutidwa pa mndandanda.

Zomwe katswiri amachita pa rauta

Rauta ndi kachipangizo komwe kamalumikiza netiweki ina ndi inzake n'kumasankhira uthenga njira. Marauta ambiri amabwera multicast ili yozimitsa, choncho pali ntchito zingapo zofunika kuchita. Titenge chitsanzo cha marauta a Cisco, omwe malamulo ake ndi odziwika kwambiri kwa ophunzira za netiweki.

Poyamba katswiri amayatsa multicast pa rauta yonse ndi lamulo lakuti ip multicast-routing. Kenaka pa khomo lililonse lomwe uthenga udutsire amayatsa PIM, njira yomwe marauta amauzirana komwe kuli omvera. Mtundu wofala ndi sparse mode, womwe sutumiza kanthu mpaka wina atapempha. Mtundu umenewu umafuna rauta imodzi yosankhidwa kukhala pokumanira otumiza ndi olandira, yotchedwa rendezvous point. Ili ngati mtengo wa kachere wa pabwalo: wolengeza ndi omvera onse ayenera kudziwa kuti ndi uti. Marauta awiri akasiyana pa za pokumanirapo, zilengezo za mbali ina sizifika mbali inzake.

Makompyuta nawo amapempha kulowa m'gulu kudzera mu IGMP. Apa ndi pomwe pamagona mavuto ambiri. Switch, kabokosi komwe nthambo za makompyuta a m'nyumba imodzi zimakumanirana, ikapanda kuphunzitsidwa kumvetsera zopemphazi imamwaza vidiyo ija ku makompyuta onse, ngakhale a ku ofesi ya malipiro omwe sanaifune. Mankhwala ake ndi IGMP snooping. Koma nayo imafuna chipangizo chimodzi chomwe chimafunsa pafupipafupi kuti ndani akadamvera. Malinga ndi muyezo, funsoli limabwera pakatha masekondi 125, ndipo gulu lomwe lakhala chete masekondi 260 limachotsedwa. Mukadzaona vidiyo ikuyamba bwinobwino n'kuima patatha mphindi zinayi kapena zisanu, nthawi zambiri wofunsa uja ndiye palibe.

Pali nambala inanso yotchedwa TTL, yomwe imachepa ndi imodzi uthenga ukadutsa rauta iliyonse. Makompyuta ambiri amatumiza multicast ndi TTL ya 1 ngati sanauzidwe zina. Zikatero uthengawo umafera pa rauta yoyamba. M'chipinda chomwe wotumiza ali zonse zimaoneka bwino, koma nyumba yoyandikana nayo kuli zii.

Tsopano tifike pa zilengezo zenizeni. Lamulo lakuti ip sap listen, lomwe kale linkalembedwa kuti ip sdr listen, limauza rauta kuti nayo ikhale m'gulu la omvera zilengezo n'kumazisunga. Katswiri akalemba show ip sap amaona maina a misonkhano yonse yomwe rautayo yamva, m'malo mongoona manambala a maadiresi. Ambiri amaganiza kuti lamulo limeneli ndi lomwe limayendetsa vidiyo. Ayi. Zilengezo ndi vidiyo zimayenda chifukwa cha PIM ndi IGMP. Lamuloli ndi diso la katswiri: limamuthandiza kudziwa ngati chilengezo chafika pa rauta imeneyo, ndi kuzindikira kuti gulu lomwe likudya malo ambiri pa nthambo ndi la msonkhano uti.

Chomaliza, chomwenso ndi chofunika kuposa zonse, ndi malire. Maadiresi oyamba ndi 239 anapatulidwa mu 1998 kuti azigwira ntchito mkati mwa bungwe lokha. Zilengezo za m'dera lotere zimapita ku adiresi yomaliza ya deralo, monga 239.255.255.255. Komabe nambala payokha si mpanda. Katswiri ayenera kulemba lamulo la ip multicast boundary pa khomo lotulukira kunja kuti za mkati zisatuluke, ndipo za kunja zisalowe.

Chifukwa chiyani Zoom sigwiritsa ntchito njirayi?

Ngati multicast ili yabwino chonchi, bwanji mu April 2020, pomwe kampani ya Zoom inalengeza kuti olowa m'misonkhano yake afika 300 miliyoni patsiku kaamba ka Covid-19, onsewo ankalandira makope awoawo?

Chifukwa choyamba ndi ndalama. Kuti multicast iyende kuchoka ku London kufika ku Zomba, kampani iliyonse ya m'njira iyenera kuvomera kuiyatsa. Koma amene amapulumutsa ndalama ndi wotumiza, pomwe ntchito yochulukitsa makope imagwera makampani a m'njira. Palibe amene anapeza njira yosavuta yolipiritsana.

Chachiwiri ndi kukhulupirirana. MBone inali ngati mudzi waung'ono wa anthu odziwana. M'mapangidwe ake oyamba, aliyense ankatha kutumiza ku gulu lililonse, ndipo aliyense ankatha kulowa n'kumvera. Pa intaneti ya anthu mabiliyoni, mnyamata wa mfumu wotere angamizidwe ndi otsatsa malonda ndi akathyali.

Chachitatu ndi kulemera kwa ntchito. Rauta iyenera kukumbukira gulu lililonse lomwe likudutsa, ndipo chinthu chikalakwika pakati pa makampani awiri, kupeza polakwika ndi chintchito.

Chachinayi ndi kusiyana kwa olandira. Wina ali pa nthambo yothamanga, wina ali pa foni kumudzi komwe netiweki imabwera ndi mphepo. Seva ya Zoom imatha kupatsa aliyense vidiyo yolingana ndi mphamvu ya netiweki yake. Kope limodzi la onse limavutika kuchita zimenezo.

Mu August 2020, bungwe la IETF linatulutsa RFC 8815, yomwe inalangiza kuti mtundu wa multicast wolola aliyense kutumiza usiyidwe pakati pa manetiweki a eni osiyana. M'malo mwake linalimbikitsa mtundu wotchedwa SSM, momwe wolandira amatchuliratu adiresi ya wotumiza amene akumufuna. SSM ndi yosavuta komanso yotetezeka, ndipo sifuna pokumanira paja. Koma taonani zotsatira zake: SAP imadalira kuti mumve kuchokera kwa olengeza omwe simukuwadziwa. Choncho ganizo limeneli linatsekeratu khomo la mndandanda umodzi wa misonkhano ya dziko lonse. Chikalatacho sichinaletse mtundu wakalewo mkati mwa netiweki ya bungwe limodzi.

Sinafe, inangolowa m'mpanda

Komwe netiweki ili ndi mwini mmodzi, multicast ikugwira ntchito usana ndi usiku. Makampani ambiri omwe amapereka wailesi yakanema kudzera pa nthambo za intaneti amaigwiritsa ntchito potumiza matchanelo. Misika ya masheya imatumizira mitengo kwa amalonda mwa njira yomweyi kuti onse alandire nthawi imodzi.

SAP nayo inapeza ntchito yatsopano m'nyumba zoulutsira mawu. Muyezo wa AES67, womwe unatuluka mu 2013, umalola zipangizo za mawu za makampani osiyana kulankhulana pa netiweki, ndipo zipangizo za Dante zikamagwira ntchito mwa muyezowu zimalengeza mawu ake kudzera mu SAP pa adiresi ija ya 239.255.255.255. Pulogalamu yaulere ya VLC, yomwe ambiri mumaonera mafilimu pa kompyuta, imathanso kumvetsera zilengezo za SAP n'kukuonetsani mndandanda wake.

SDP ndiye inapambana kwambiri. Mafoni a pa intaneti a m'maofesi komanso misonkhano ya vidiyo yochitikira mu Chrome kapena Firefox imaigwiritsa ntchito pogwirizana za mtundu wa mawu ndi zithunzi. Inakonzedwanso mu 2021 ngati RFC 8866. Kalembedwe ka chilengezo kanafalikira dziko lonse, pomwe wolengeza anatsala m'mudzi.

Makampani akuluakulu nawo akudziwa kuti vuto la makope ambirimbiri silinathe. Mu 2021 Microsoft inagula kampani ya Peer5, yomwe luso lake limalola makompyuta a mu ofesi imodzi kugawana vidiyo ya msonkhano waukulu m'malo moti aliyense aikoke kunja. Njira ndi yosiyana, koma cholinga ndi chomwe Deering anali nacho mu 1989.

Nanga kuno kwathu?

Malawi alibe gombe la nyanja yamchere. Intaneti yathu yambiri imadzera m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique, ndipo njira imeneyo ndi yodula komanso, monga tinaonera mu May 2024, imatha kuduka. Chilichonse chomwe chingathere m'dziko momwemuno osatuluka ndi phindu.

Tilinso ndi manetiweki a mtundu womwe multicast imakonda. Bungwe la MAREN limalumikiza masukulu a ukachenjede ndi malo a kafukufuku m'dziko muno, ndipo UbuntuNet Alliance imalumikiza manetiweki otere kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. MBone inabadwira m'manetiweki a maphunziro ngati amenewa.

Tiyerekeze kuti dokotala wa ana akuphunzitsa za chithandizo cha malungo aakulu, ndipo ophunzira ali m'makalasi ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Ngati malo onsewo ali pa netiweki ya mwini mmodzi yomwe marauta ake akonzedwa, phunzirolo litha kuyenda kope limodzi pa nthambo iliyonse, osadalira nthambo za pansi pa nyanja.

Koma walira mvula walira matope. Pali zinthu zinayi zoti muzidziwe musanathamangire kwa katswiri wanu.

Choyamba, njirayi sikupulumutsirani bandulo ya pa foni yanu. Imagwira ntchito pa netiweki ya bungwe, osati pa intaneti wamba.

Chachiwiri, phindu lake limaoneka pomwe mmodzi akulankhula kwa ambiri. Msonkhano wa anthu asanu ndi atatu okambirana za bajeti sufunika zonsezi.

Chachitatu, Wi-Fi ndi multicast sizigwirizana kwenikweni. Pa Wi-Fi, uthenga wa gulu nthawi zambiri umatumizidwa pa liwiro lotsika kwambiri, ndipo wolandira satsimikiza kuti walandira, choncho chotayika sichibwerezedwa. Kompyuta ya m'kalasi yolumikizidwa ndi nthambo n'kuonetsa pa khoma imachita bwino kuposa mafoni 60 pa Wi-Fi imodzi.

Chachinayi, chomwe chikukhudza zipatala mwachindunji, ndi chinsinsi cha odwala. Chilengezo wamba cha SAP chimawerengedwa ndi aliyense amene akumvera m'deralo, ndipo multicast payokha ilibe mlonda wa pakhomo: kompyuta iliyonse ya pa netiwekiyo itha kupempha kulowa m'gulu. Kulengeza si kutseka chitseko. Phunziro lomwe likuonetsa nkhope ya wodwala, dzina lake kapena zotsatira za magazi ake liyenera kubisidwa ndi kiyi yomwe oitanidwa okha ali nayo, ndipo dzina la wodwala lisalembedwe m'mutu wa chilengezo. Malire a 239 aja amaletsa uthenga kutuluka kunja, koma saletsa wa mkati yemwe sakuyenera kuona.

Mafunso oti mufunse

Ngati ndinu mkulu wa sukulu, chipatala kapena ofesi ya boma, ndipo mwalandira pempho loonjezera ndalama za intaneti chifukwa misonkhano ya vidiyo ikudukaduka, musanasaine funsani katswiri wanu mafunso ochepa. Kodi pa ola lomwe nthambo imadzaza, ndi anthu angati omwe akuonera chinthu chimodzimodzi? Kodi chinthucho chikuchokera mkati mwathu momwemuno kapena kunja? Kodi marauta ndi maswitch omwe tinagula kale amatha PIM ndi IGMP snooping? Nanga tikayatsa, malire tiika pati, ndipo ndani adzaloledwe kulengeza?

Yankho litha kukhala lakuti kugula intaneti yochulukirapo ndiye njira yokhayo, makamaka ngati anthu anu ali obalalika ndipo amadalira mafoni. Koma ngati mazana a anthu akhala pa netiweki imodzi n'kumakoka phunziro limodzi aliyense payekha, ndalama zomwe mukufuna kulipira mwezi ndi mwezi zikupita ku makope obwerezabwereza. Kukonza marauta kumafuna katswiri wodziwa, masiku angapo oyesera, ndi munthu woyang'anira pambuyo pake. Yerekezani mtengo wa zimenezo ndi bilu ya chaka chonse, kenaka musankhe.